Tsiku Limene Azakhali Anandipatsa Maikolofoni

Ndikukumbukira kachipinda ka kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi ku Biwi, kamene eni nyumba anamangira kusungiramo makala. Azakhali anga a Edina, mlongo wawo wamng'ono wa bambo, atabwera kuchokera kwathu ku Thyolo anasesamo, nakhoma mathireyi a mazira khoma lonse mpaka kudenga, kenaka n'kulengeza kuti imeneyo ndi situdiyo. Munkamveka fungo la makala akale, la mafuta a tsitsi ndi la waya wotentha. Pazenera anatsekapo ndi matiresi otha ntchito. Kompyuta yawo inali ija ya chimutu chachikulu, yogula kwa munthu, ndipo ikayamba kulira ngati ikufuna kuzima ankaisisita n'kumati, "Pirira mayi, tatsala pang'ono." Kutsogolo kwa maikolofoni anakungapo sokosi pa waya wa hang'ala kuti mpweya wa m'kamwa usamawombe. Sokosiyo inali ya bambo, ndipo bambo anaifunafuna mpaka anatopa.

M'mawa Azakhali ankaluka azimayi tsitsi pakhonde, akung'ung'udza nyimbo chipeso chili pakamwa. Makasitomala akatha ankalowa m'kachipinda kaja. Nyimbo ankapeka okha, gitala kuimba okha, kujambula okha, mawu apansi ndi apamwamba onse awo. Analibe bwana wowauza choimba, ndipo sankamufuna. Akamaliza nyimbo ankaiika pa masidi, n'kulemba dzina lawo pamwamba ndi cholembera chakuda, n'kukawasiya kwa anyamata ogulitsa nyimbo kumsika ndi kwa madalaivala a minibasi amene ankawadziwa.

Biwi ndi dera la magalaja. Kuyambira m'mawa kumakhala kuli nyundo, owotcherera zitsulo ndi mainjini oyesedwa. Anthu onse ankadandaula za phokosolo kupatula Azakhali. Tsiku lina anapita ndi kachojambulira kawo kwa makaniko wina amene ankawongola chitseko cha minibasi, nam'pempha kuti amenye pang'onopang'ono, kenaka mofulumira. Makanikoyo anaganiza kuti mayiyu mutu wake sukuyenda bwino. Patapita sabata anamuitana kudzamvera, ndipo atazindikira nyundo yake ikugunda pansi pa gitala anavula chipewa n'kukhala pansi pa simenti. Kuyambira pamenepo ankauza aliyense kuti nayenso ndi woimba.

Ine nthawi imeneyo ndinali sitandade folo, ndipo ndinali ndi chibwibwi choopsa. Mawu ankafika pakhosi n'kukakamira, nsagwada zikunjenjemera, maso akutuluka misozi. Choipa kwambiri chinali dzina langa lomwe, Tadala, chifukwa lilime likagunda kumano linkangobwereza pomwepo. Kusukulu anandipatsa dzina lakuti Jenereta, ati ndinkamveka ngati jenereta yokana kulira. Aphunzitsi akafunsa funso ndinkayang'ana pansi ngakhale yankho ndikulidziwa. Pang'onopang'ono ndinaphunzira kukhala tsiku lonse ndi mutu wokha, kugwedeza kuti inde, kupukusa kuti ayi.

Bambo ankagwira ntchito m'nyumba zosungiramo fodya ku Kanengo. Ankabwera madzulo akununkha fodya thupi lonse, chonsecho sanasutepo chibadwire, ndipo kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Ankandikonda, ndipo sankapirira kundiona ndikuvutika ndi mawu. Ndikangoyamba kuti, "Ba-bambo, ndi-ndi..." iwo ankandimalizira msanga: "Ukufuna pensulo? Chabwino, mawa." Nthawi zina ndinkafunadi pensulo. Nthawi zambiri ayi, koma ndinkangovomera, moti m'chikwama mwanga munadzaza mapensulo. Za nyimbo za mlongo wawo ankazilekerera bola zithere m'kachipindamo. Lamulo lawo linali lakuti mwana asapite kumalo a zoimbaimba, ndipo anawauza Azakhali kuti akadzaliphwanya adzakwera basi ya ku Thyolo.

Tsiku lina masana ndinkatsuka mbale pampopi, ndikuganiza kuti ndili ndekha. Ndinkaimba kolasi ya nyimbo imene Azakhali anakhala akuibwereza sabata yonse, poti makoma a mathireyi aja sankatsekereza kanthu. Nditatembenuka ndinawapeza ataima pakhomo, chipeso m'manja.

"Bwereza," anatero.

Ndinapukusa mutu. Sanandikakamize kulankhula. Anangondipukuta manja ndi chitenje chawo, n'kundilowetsa mu situdiyo, n'kundiimika pa kreti ya mabotolo kuti ndifikire maikolofoni. Mahedifoni anali aakulu moti anachita kundigwirira. Nyimbo itayamba ndinaimba nditatsinzina. Kenaka anabweza zimene anajambulazo kuti ndimvetsere. M'makutu mwanga munamveka mwana wina wa mawu osalala, wosapunthwa pena paliponse, akuyenda pamwamba pa gitala ngati madzi a mumpopi. Ndinawayang'ana Azakhali kuti andiuze kuti ndi ndani.

"Ndiwe ameneyo," anatero akuseka. "Kompyuta yanga ndi yokalamba, siidziwa kunama."

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mnzawo. Koma Azakhali ankanena kuti situdiyo ndi kophikira chabe, nyimbo imadyedwa pagulu. Lamlungu masana, bambo akapita kumisonkhano ya akulu a mpingo, amayi ankatiyang'ana n'kungoti, "Mubwere dzuwa lisanalowe." Tinkayenda wapansi mpaka ku Kawale, kumene mabandi ankaimba pabwalo lafumbi. Sindidzaiwala fungo la chiwaya ndi chimanga chootcha, ana okwera m'mitengo, amayi ovina ana ali kumsana. Azakhali sankaima patali. Ankandikokera pafupi ndi masipika, n'kuika dzanja langa pachifuwa panga kuti ndimve m'mene gitala ya bezi ikugundira m'nthiti. Ankavinira nyimbo za anzawo ngati ndi zawo, ngakhale za anthu amene anakana kuwaika pa pulogalamu. Woimba gitala akachita bwino ankakuwa mpaka mawu kusasa, akalakwitsa ankamukuwira kuti ayambirenso, ndipo pobwerera ankandifotokozera njira yonse chimene wang'oma uja anachita pamene aliyense ankayang'ana woimba.

Mwayi wawo unafika m'nyengo yotentha, mitengo ya jakaranda itachita maluwa. Achinyamata a ku Area 23 anakonza zoimbaimba Loweruka masana kuseri kwa msika, ndipo anawapatsa Azakhali mpata. Iwo anakana kuimba ndi sidi. Anasonkhanitsa bandi yawoyawo: anyamata awiri a magitala ndi a Kapito, bambo wonenepa wogulitsa nsapato za kaunjika, amene pa ng'oma ankasanduka munthu wina. Ine anandiuza kuti ndidzaimba kolasi ija. Amayi anandisitira diresi yanga ya kutchalitchi.

Siteji inali lole yotsegula m'mbali. Zitsulo zake zinkawotcha mapazi ngakhale nditavala nsapato. Azakhali anavala chitenje chofiira ndi duku lalikulu, ndipo atangomenya gitala anthu amene ankagula tomato anasiya n'kubwera. Ine ndinawazolowera akuluka tsitsi ndi kukangana ndi kompyuta, koma pa lole paja anali ngati atalika. Ankacheza ndi gulu pakati pa nyimbo, kuseka nalo, kuliuza kuti liyankhe, ndipo linkayankha. Pa nyimbo yachitatu anandikodola. Ndinaimba kolasi yanga ndikuyang'ana zala zawo pa gitala, ndipo inatuluka bwinobwino. Anthu anaimba m'manja, amayi ena akululutira.

Ndiye ndinakweza maso. Kumbuyo kwa gulu, pafupi ndi ogulitsa nzimbe, panaima bambo atagwira njinga yawo. Ndinamva pambuyo pake kuti amayi ndi amene anawauza m'mawa womwewo kuti, "Bambo a Tadala, pitani mukaone nokha, musadzamve kwa anthu." Nthawi yomweyo Azakhali, amene sanawaone achimwene awo, anawerama n'kundiika maikolofoni m'manja.

"Auze anthuwa dzina lako, mwana wanga."

Kuimba ndi kwina, kulankhula ndi kwina. Ndinatsegula pakamwa ndipo masipika onse ananena nane kuti, "Ta... ta-ta... ta-ta-ta..." Phokoso lija la jenereta linamveka msika wonse. Kutsogolo anyamata ena anayamba kuseka, ndipo ndinaona mtsikana wa m'kalasi mwathu akugwira mnzake paphewa. Ndinafuna kuponya maikolofoni n'kudumpha pa lole.

Azakhali sanandilande maikolofoni, ndipo sanandinenere dzinalo. Anatembenukira kwa a Kapito n'kukweza nsidze. A Kapito anamenya ng'oma yaing'ono ndendende m'mene ndinanenera: ta, ta-ta, ta-ta-ta. Anabwerezanso. Wa bezi analowa pansi pake. Azakhali anayamba kuwomba m'manja motsatira, akundiyang'ana m'maso, mutu ukugwedezeka kuti tiye. Ndipo poti tsopano chinali chinthu choti n'kuimba, lilime linamasuka lokha. Ndinaimba kuti, "Ta-ta-Tadala!" Azakhali analoza gulu, gulu linabweza, "Ta-ta-Tadala!" Anyamata oseka aja ndi amene anayamba kudumpha. Fumbi linakwera mpaka kutsokomola, ndipo dzina langa linazungulira bwalo lonse kwa nthawi yaitali, ine ndili pakati ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Kunyumba tinafika dzuwa likulowa. Bambo anali atakhala kale pakhonde, nsapato asanavule. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinkaopsa.

"Edina, lamulo langa unalimva. Koma zimenezo tisiye kaye. Unamuimika mwana wanga pamaso pa anthu kuti amuseke?"

"Achimwene, ndinalakwa kumutenga osakuuzani, pepani," anayankha Azakhali atagwada pambali. "Koma kuseka amamuseka kale, tsiku ndi tsiku. Kodi mukudziwa dzina limene amamuitana kusukulu?"

Bambo sankalidziwa. Amayi anawauza motsitsa mawu. Bambo anayang'ana chipewa chawo, kenaka anandiitana kuti ndiime patsogolo pawo.

"Tadala, iweyo ukuti bwanji? Azakhali akowa apite kumudzi kapena akhale?"

Ndinayamba. Mawu anakakamira monga mwa masiku onse. Ndinaona milomo ya bambo ikugwedezeka kufuna kundithandiza, koma anailuma, nagwira mawondo awo ndi manja onse awiri n'kudikira. Nkhuku zinalowa m'khola, kwa aneba mwana analira n'kutonthola, iwo akudikirabe. Potsiriza ndinamaliza ndekha: "A-akhale. Ndi-ndipo mapensulo ndili nawo a-ambiri." Amayi anathawira kukhitchini akuseka. Bambo anapukuta m'maso ndi chala chachikulu, n'kunena kuti kuyambira tsopano kopita kulikonse azidziwa, ndipo Lamlungu tchalitchi choyamba. Basi ya ku Thyolo sanaitchulenso.

Chibwibwi sichinathe tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndikatopa chimabwera. Lolemba kusukulu ena ananditchulabe Jenereta, koma ambiri ankandiimbira dzina langa akuwomba m'manja, ndipo ine ndinayamba kukweza dzanja m'kalasi. Sindinakhale woimba. Ndimagwira ntchito yolandira odwala pa chipatala china, kulankhula ndi anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Azakhali nawo sanatchuke m'mene anthu amaganizira kutchuka. Nyimbo zawo zinamveka pa wailesi mwa apo ndi apo, zinavinidwa m'maukwati a ku Chinsapo ndi ku Mgona, basi. Pano amakhala ku Area 23, imvi zili mbuu, ndipo akujambulabe pa laputopu imene mwana wawo anawagulira. Masidi anatha, nyimbo amangotumiza pafoni. Zinthu zasinthadi. Kale nyimbo isanathe kupekedwa mzere wonse wa nyumba unkakhala utaidziwa, aneba n'kumapereka maganizo pa mpanda. Lero mwana wanga Chisomo amapanga mabiti pafoni atatseka makutu, ndipo m'nyumba momwemo sitidziwa ngati akupeka nyimbo kapena akugona. Sindinena kuti n'zoipa, poti zimene amapangazo n'zokoma, ndipo safunika mathireyi a mazira. Chimene chinkandidandaulitsa n'chakuti anali asanaonepo anthu amoyo akuimba pamodzi, thukuta likutsika.

Mwezi wathawu ndinamukakamiza kupita nane ku Area 25, kumene Azakhali ankaimba ndi bandi yawo masana. Anapita nkhope ili gwa, ndipo titafika anaima kumbuyo akujambula ndi foni. Ine ndinalowa m'gulu n'kumuiwala. Nditamufunafuna pambuyo pake ndinamupeza kutsogolo penipeni, foni ili m'thumba, malaya atanyowa, akukuwira woimba gitala. Mu minibasi pobwerera mawu anali atamuthera. Anandikoka dzanja n'kunong'ona mosasa kuti, "Mami, agogo aja ndi dolo. Mukuganiza angalole kumvetsera mabiti anga?"

Ndinamuuza kuti apite Loweruka, ndipo asadye zambiri, chifukwa Azakhali sadzamulola kuchoka asanamudyetse ndi kumuimbitsa.