Anandigulitsa thanki ndi nsomba tsiku limodzi

Lachinayi, 4:20 madzulo, ndinaima pakauntala ya shopu ina yogulitsa nsomba zoweta kuno ku Glasgow. M'manja ndinali ndi botolo la madzi a m'thanki yanga ndi kajumbo. M'kajumbomo munali nsomba zinayi zakufa. Ndinazigula pakauntala yomweyo Loweruka. Masiku asanu okha.

Amayi anzanga a pagulu lino, mumandidziwa. Ndine mayi a Tadala a ku Govanhill, aja amakhala benchi yakumbuyo kutchalitchi. Sindinalembepo kanthu pano kupatula "ameni". Lero ndilemba.

Tadala ali ndi zaka zisanu. Chiyambireni sukulu salankhula ndi munthu aliyense kunja kwa nyumba. Koma tsiku lina kuchipatala, tikudikira dokotala, anaona thanki ya nsomba za m'nyanja ya mchere. Anayamba kucheza nazo mokweza, anthu ali pomwepo. Nditawauza aphunzitsi ake, anati ngati tingathe tipeze nsomba kunyumba, mwina azidzafotokoza za nsombazo m'kalasi. N'chifukwa chake ndinapita kushopuko. Sikunali kudzionetsa ayi.

Loweruka, 11 koloko m'mawa, anatilandira bambo ena aimvi, amsinkhu wa bambo anga. Ndinawauza zoona zokhazokha: nyumba yathu ndi yaing'ono, ndipo sindinawetepo nsomba za m'madzi a mchere. Anati palibe vuto. Anatisankhira thanki ya malita 40, hita yotenthetsa madzi, sefa, mchenga woyera, thumba la mchere ndi kabotolo ka mankhwala. Kenako anauza Tadala kuti aloze nsomba zimene akufuna. Mwana wa zaka zisanu! Analoza ziwiri za mtundu wa lalanje zamizere yoyera, imodzi yabuluu ya mchira wachikasu, ndi tina titatu tating'ono. Iwo ankangovuula ndi kaukonde kawo, akumwetulira.

Mtima wanga unakana. Kwathu ku Chingale bambo anga ali ndi damu la nsomba. Sukulu ndinalekera sitandade 6, koma damu ndimalidziwa. Akalidzaza madzi atsopano, sathiramo mbewu ya nsomba tsiku lomwelo. Amadikira masabata kuti madziwo asinthe mtundu, apse. Ndipo amayamba ayeza damulo ndi mapazi kuti adziwe nsomba zimene zingakhalemo. Choncho ndinafunsa motsitsa mawu ngati sitiyenera kudikira kaye, komanso ngati nsombazo sizichuluka. Bambo aja anaseka. Anati zodikira n'zachikale, kabotoloko kamakonza madzi tsiku lomwelo. Anati nditunge pampopi, ndisungunule mchere, ndithire kachivindikiro kamodzi ka mankhwala, basi.

Ine ndinatani? Ndinayang'ana pansi. Tinaleredwa choncho. Wamkulu akayankha, subwereza funso. Ndinathokoza n'kunyamula katundu.

Lamulungu Tadala anazipatsa mayina zonse. Zalalanje zija, ina Mandasi, ina Bisiketi. Lolemba, 3 koloko, aphunzitsi anandiimitsa pageti, maso ali mbee. Akuti Tadala wawauza yekha, ndi pakamwa pake, kuti ali ndi nsomba sikisi. Mawu ake oyamba m'kalasimo. Ndinayenda mpaka kunyumba ngati sindikuponda pansi.

Titalowa, madzi a m'thanki anali ngati otsukira mpunga.

Ndinaimba foni kushopu 5:10. Bambo omwe aja anati zimatero, ndiwonjezere kachivindikiro kena. Ndinawonjezera.

Lachiwiri m'mawa yabuluu ija inali itakanirira pa sefa, maso atayera. Tadala anandifunsa m'Chingerezi chake chakunochi ngati yagona. Ndinaivuula n'kuiika m'kajumbo. Lachitatu ziwiri. Lachinayi m'mawa ina. Pabalaza panayamba kumveka kafungo. Mandasi ndi Bisiketi zinasiya kudya, zinangokhala pamwamba pa madzi, zikupuma mwawefuwefu. Tadala ankati akadzuka amathamangira kukaziwerenga mokweza. Lachitatu anawerenga ndi chala chokha. Lachinayi sanalankhule ngakhale kwa ine.

Ndi mmene ndinapezekera pakauntala paja 4:20. Anandiimika mphindi 25. Bambo aja atabwera, anandiyang'ana ngati sanandionepo. Sanatsegule n'komwe kajumboko. Anati nsomba za m'nyanja zikatuluka pakhomo la shopu si zawonso, ndipo mwina ndinkazidyetsa kwambiri. Kuzidyetsa kwambiri? Ine amene ndinkatapa chakudya ndi nsonga ya kasupuni monga anandionetsera iwo eni?

Sindinasunthe. Ndinaimabe pomwepo. Kenako kunabwera mayi wina amene anati ndi manijala. Anathira madzi anga m'kagalasi, n'kudonthezamo mankhwala. Patatha mphindi zisanu madziwo anasanduka obiriwira kwambiri. Nkhope yake inasintha. Anati muli poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba zomwezo, ndipo akuziwotcha mopumira. Anati thanki yatsopano imayenera kukhala masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi yopanda nsomba, kuti tizilombo tothetsa poizoniyo tiswane kaye. Anati malita 40 ndi a tinsomba tiwiri basi, ndipo yabuluu ija imakula ngati mbale, imafuna thanki yaikulu kuposa yanga maulendo ambirimbiri.

Mawu a bambo anga, m'Chingerezi.

Ndiye anandifunsa kuti anandiuza ndani kuti ndiike nsomba zonsezo m'madzi atsopano. Amene anandiuzawo anali pomwepo, akupukuta galasi. Ndinawaloza. Mukudziwa zimene ananena? Anati iwo amauza kasitomala aliyense kuti adikire. Anati ine sindinafunse chilichonse. Anati sindinkawayang'ana n'komwe, ndiye ankaganiza kuti ndikudziwa kale zonse.

Ulemu wanga womwe uja, ndi umene anabisalamo.

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha: andisungire Mandasi ndi Bisiketi m'thanki yawo mpaka madzi anga atapsa. Manijala anati n'zosatheka, nsomba yotuluka sibwerera, ingawabweretsere matenda. M'malo mwake anati angandigulitse botolo lalikulu la mankhwala omwe aja, ndi nsomba zina zinayi pamtengo wotsikirako. Zina zinayi! Kuti zikafere m'madzi omwewo? Kuti mwana wanga aziwerengenso ndi chala?

Pamene ndinkatuluka, panali mayi wina ndi kamtsikana kake. Bambo aja anali atanyamula kaukonde kaja, akukauza kuti kaloze zimene kakufuna. Ndinafuna kumukoka malaya mayiyo. Sindinatero. Ndinangodutsa. Zimenezi zikundipweteka mpaka pano, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba.

Ndikufuna andiyankhe. Ngati manijala akudziwa kuti madzi amafuna masabata, bwanji thanki ndi nsomba zanga zili pa risiti imodzi, ola limodzi? Amene anadinda risitiyo anali wakhungu? Ndi ana angati amene apatsa nsombazi mayina Lamulungu n'kukazitaya Lachitatu?

Inu amayi anzanga, mwana wanu akalirira nsomba zimenezi, gulani thanki yokha. Mubwere nayo kunyumba, muthire madzi, mudikire. Muyezetse madziwo musanagule nsomba ngakhale imodzi. Thanki ikakhala yaing'ono ngati yangayi, ziwiri zakwana. Ndipo wogulitsa akaseka funso lanu, mumuyang'ane m'maso n'kufunsanso. Imvi zake si za bambo anu.

Lachinayi lomwelo nditafika kunyumba, 6:30, ndinalimba mtima n'kuimbira a Chirwa a kutchalitchi kwathu, ainjiniya aja a ku Shawlands. Ali ndi thanki yaikulu ya zaka zambiri.

"Aa, mayi a Tadala, bwanji osandifunsa musanagule?"

"Ndinkachita manyazi, bambo."

"Manyazi ndi ine? Munthu amene ndimakutherani mandasi pa msonkhano uliwonse? Chabwino, mverani. Musazidyetse. Chotsani theka la madziwo, muthiremo ena atsopano amchere. Ndili ndi kathanki kena kamadzi akupsa kale. Zikafika m'mawa, mubwere nazo."

Zikafika. Liwu limenelo ndinalimva bwino.

Lachisanu m'mawa, 6:40, ndinapeza zonse ziwiri zikupuma. Bisiketi ankasambira. Mandasi anali atagona cham'mbali pamchenga. Ndinaziika m'kandowa kachivindikiro, n'kukakulunga ndi chitenje changa chifukwa cha kuzizira. Tinakwera basi, kandowa kali pamiyendo panga, Tadala atakagwira ndi manja awiri kuti kasakhutuke. A Chirwa anaziika m'kathanki kawo pang'onopang'ono. Anamuyang'ana Mandasi nthawi yaitali, n'kunena kuti tidzadziwa pofika Lamulungu. Anandipatsa mwala wa m'thanki yawo woti ukapsetse madzi anga.

Nditamusiya Tadala kusukulu, ndinakhuthula thanki yonse, chidebe ndi chidebe. Ndinathira madzi atsopano, ndinaikamo mwalawo, ndinayatsa sefa. Pakalendala ya kukhitchini ndinachonga masabata asanu ndi limodzi. Thankiyo ili apa, ikung'ung'udza yokha, mulibe kanthu. Patsogolo pake ndaikapo kampando ka Tadala. Chichokereni Lachitatu, sananene liwu ndi limodzi lomwe.