Mtsikana Amene Ankaopa Dzina Lake

Anzanga, senderani kuno ndikuuzeni. Nkhaniyi ndinachita kuikumba ndekha, poti ine makutu anga sagona, ndipo ndi ya aphunzitsi athu a masamu. Inu amene sukulu yakukwanani, mumve bwino.

Ali mtsikana wa zaka khumi, tsiku lina anapezeka pansi pa desiki akunjenjemera, atadzikodzera. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Anali atangofika kumene ndi amayi ake, kuthawa nkhondo kwawo.

M'mawa uliwonse aphunzitsi awo, abambo ena a dazi, ankatsegula kaundula n'kumaitana mayina. Aliyense, "Ndilipo!" Likafika dzina la mtsikanayu, zii. Iye ankabisala kumbuyo kwa ana aatali. Ana analipo oposa zana, ndiye abambo aja sankadzutsa n'komwe mutu, ankangolemba kuti wajomba.

Anzake anam'patsa dzina loti Mzukwa. "Iwe Mzukwa, ife tikukuona, koma buku likuti kulibe!"

Tsono pasukulupo mwana akajomba mwezi wathunthu ankafufutidwa, malo ake n'kupatsa wina, chifukwa odikira anali ambiri. Ahedi analemba kalata yoitana kholo.

Amayi ake atangoona dzina la mwana papepala la chidindo, anayamba kumanga katundu. Anafika ku ofesi atasenza kamtolo ka zovala, mwana atam'gwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa.

"Musam'tenge, bambo. Tengani ine."

Aphunzitsi a dazi, amene analinso mu ofesimo, anadabwa. "Tim'tengere kuti, mayi? Ife tikungofuna aziyankha dzina lake basi."

Apa mpomwe zinaululika. Kwawoko asilikali ankabwera ndi pepala, kuimika anthu pamzere, n'kumawerenga mayina. Woyankha ankakwezedwa mulole. Bambo ake a mtsikanayu anayankha. Mchimwene wake anayankhanso. Mpaka lero sanabwerere. Ndiye amayi aja anam'lumbiritsa mwana kuti munthu wogwira pepala akatchula dzina lake, asadzayerekeze kuyankha.

Akuti aphunzitsi a dazi anatuluka panja kukamina, pomwe analibe chimfine.

Lolemba anabwera ndi chitini komanso zitsekerero za mabotolo, chilichonse atachilemba nambala. Anagawira kalasi yonse, osati iye yekha, kuti asamalozedwe chala. Ukalowa pakhomo, umaponya chako m'chitini, khwa! Ndiye kuti ulipo. Mzukwa nayenso anaponya chake. Sanajombepo ngakhale tsiku limodzi.

Patapita miyezi, aphunzitsiwo anam'patsa kaundula. "Lero uitana ndiwe, mwanawe."

Mawu ankatuluka ngati a kamwana ka mphaka. Koma anaitana, anzake n'kumayankha, ndipo masana anaima pageti kuwawerenga mmodzimmodzi. Onse anapita kwawo. Palibe lole imene inabwera.

Musaganize kuti mantha anathera pomwepo. Linafika tsiku la mayeso omaliza. Oyang'anira mayeso anakana kuti chitini chilowe. Pakhomo panaima wapolisi wolondera mapepala, ndipo kutsogolo kunali mlendo wa jekete, pepala la mayina lili m'manja. Wosayankha ndiye kuti sanabwere, salemba.

Mlendo uja anatchula dzina lake. Zii. M'maganizo mwa mtsikanayo munkangooneka lole ija. Mlendoyo anatchulanso kachiwiri, cholembera atachitsitsira kale papepala.

Mnyamata wina yemwe ankam'seka kwambiri anam'ponda chala. "Mzukwa, yankha iwe! Akakutenga atenga tonse."

"Ndilipo!"

Anakuwa mpaka wapolisi uja anadzidzimuka. Ndipo mayesowo anakhoza.

Lero ndi aphunzitsi athu, ndipo pakhomo la kalasi yathu pali chitini. Mwana wothawa nkhondo akafika, sam'funsa mafunso pagulu, amayamba akhala pansi ndi kholo kuti amve zimene mwanayo amaopa. Wina ankaopa belu, wina chitseko chotseka, moti chathu chimakhala chotsegula ngakhale kuzizire. Aphunzitsi a m'masukulu ena amabwera kudzaonera, makope ali m'manja. Mantha akuti akadali nawobe, makamaka kuchipatala akamaitana mayina. Koma amayankha.

Ndiye iwe mnzanga amene ukubisala kumbuyo kwa ena, kaya ukuopa chiyani, osataya mtima. Njenjemera ngati ukufuna, koma dzina lako likatchulidwa, yankha kuti ulipo.