Ndege Ilibe Livesi

Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Kudepoti ya malole, kumsika, ngakhale kuchipatala kumene mwana wake amagwira ntchito ya unamwino, aliyense ankangomuitana kuti Sindibwerera, chifukwa amenewo ndi mawu amene analembetsa ndi penti yofiira kumbuyo kwa lole yake. Madalaivala ena amalemba za Mulungu, ena za adani awo. Iye analemba liwu limodzi lokhalo, ndipo amene ankamudziwa bwino ankadziwanso munthu amene ankauzidwa.

Ankauzidwa mwamuna wake wakale. Tsiku limene mayiyu anatuluka m'banja, mwana kumsana, chikwama kumanja, bamboyo sanadzuke n'komwe pampando. Anangotsitsa wailesi pang'ono n'kunena kuti, "Pitani, mayi. Mubwerera nokha pano, mudzachita kugogoda." Sanabwerere. Anayamba ndi kutsuka malole, kenako kukweza katundu, kenako kukhala pambali pa dalaivala, mpaka chiwongolero chinagwera m'manja mwake. Mwana uja, mtsikana, anakulira m'kabini, homuweki akulembera pa bokosi la masipanala. M'zaka zonsezo mayiyu akaiwala chinthu kunyumba, kaya foni kaya jekete, sankatembenuza galimoto, ankangoti chotsala chatsala. Kunena zoona kunali kuuma mutu, koma kuuma mutu komweko n'kumene kunalera mwana, ndiye ife tingamunene chiyani?

Za ndege zinayamba tsiku lina atabweretsa migolo ya mafuta pa kabwalo ka sukulu yophunzitsa oyendetsa ndege. Podikira kuti amutsitsire katundu, anazungulira kandege kena ka mipando iwiri, akusuzumira m'kati ndi kugogoda apa ndi apo ngati munthu wofuna kugula. Bambo wina wonenepa, waimvi, amene ankapukuta galasi lakutsogolo, anamufunsa ngati akufuna kanthu.

"Livesi yake ili pati?" anafunsa mayiyu.

"Ilibe, mayi. Ndege ilibe livesi."

Sindibwerera anaseka mpaka kutsamira phiko. "Ndiye galimoto yanga ndi imeneyi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyendetsa yolakwika."

Bambo wonenepa uja ndi amene anadzakhala aphunzitsi ake. Mwana atamaliza maphunziro n'kuyamba ntchito, mayiyu anagulitsa lole, n'kutsala ndi dzina lokha, nakalembetsa kusukulu ija. Kudepoti anamuseka koopsa. "Zaka zimenezi, mayi? Anzanu akulera zidzukulu." Iye anawayankha kuti zidzukuluzo azidzazibayibitsa ali m'mwamba, ndipo amene nkhaniyi ikumuwawa akagule yake ndege.

Masiku oyamba anali amanyazi okhaokha. Ndege ikakhala pansi siikhotetsedwa ndi manja, imakhotetsedwa ndi mapazi, koma manja a dalaivala samva zimenezo. Ankapotokola chiwongolero mpaka kumapeto, kandege kosamva kakungolunjika ku udzu, aphunzitsi akungoti, "Mapazi, mayi, mapazi." Moto nawo suponda, umachita kukankha ndi dzanja. Koma choipitsitsa chinali maso. Munthu amene wakalambira pamsewu akuzemba maenje amayang'ana pafupi, patsogolo penipeni pa galimoto, pamene potera umayenera kuponya maso kutali, kumapeto kwa msewu wa ndege, kuti uone bwino mmene pansi pakuyandikirira.

"Mukufuna chiyani pamphuno pa ndegepo?" anafunsa aphunzitsi tsiku lina akutsika.

"Maenje."

"Kuno kulibe maenje. Dzenje mukumba ndinu mukapitiriza kuyang'ana pamenepo."

Zonsezi anaziphunzira, ndipo osati mwachibwana. Dzanja lija linafewa, anayamba kugwira chiwongolero ndi zala m'malo molimbana nacho ngati cha lole yodzaza simenti. Kunyamuka, kukhota osataya mtunda, kusunga liwiro potsika, kuwerenga mphepo pa nsalu yonga sokosi imene imapachikidwa pambali pa bwalo, kuyankhula pa wailesi ndi a pansanja yoyang'anira ndege, zonse zinalowa m'mutu ndi m'manja momwe. Chinatsala chinthu chimodzi, ndipo chinali chaching'ono kuposa zonse.

Ndege ikamatsika kuti itere, si nthawi zonse zimakhala bwino. Mwina uli pamwamba kwambiri, mwina liwiro lachuluka, mwina mphepo yakukankhira pambali. Zikatero suumiriza. Umakankha moto wonse, n'kukweranso, kuzungulira bwalo, kudzayesanso. Achinyamata amene ankaphunzira naye sankavutika nazo n'komwe. Nayenso akauzidwa asananyamuke kuti lero tiyeserera kukweranso, ankachita bwinobwino, palibe chomunena. Vuto linkabwera kutera kukasokonekera zenizeni, chifukwa pamenepo aphunzitsi ankatulutsa liwu limodzi, lomwe lija: "Bwererani."

Koyamba anachita ngati sanamve. Anakanikiza mphuno pansi, kandege kanagunda, n'kudumpha, n'kugundanso, mpaka magalasi a aphunzitsi anagwera pamiyendo.

"Tafika," anatero mayiyu.

"Tafika, inde. Koma ndinati bwererani."

"Msewu unalipo wokwanira, aphunzitsi."

Kachiwiri anati wailesi inkalira. Kenako anasiya n'zonamizira zomwe. Liwulo likangolowa m'makutu, nsagwada zinkalimba, ndipo m'maso mwake munkabwera munthu atakhala pampando akutsitsa wailesi. Aphunzitsi nkhani imeneyi sankaidziwa, ankangoona wophunzira wanzeru amene amasanduka mwala nthawi yolakwika.

Zinafika pachimake tsiku lina la mphepo. Anatsika ndi liwiro lochuluka, anauzidwa kuti abwerere, iye anaumiriza. Tayala lakutsogolo ndilo linayamba kugunda pansi, kandege kanadumphira m'mwamba kakupendekeka, phiko limodzi litaloza udzu. "Siyani, ndaigwira," anatero aphunzitsi, ndipo mawu awo sanali oti n'kukambirana. Anakankha moto, anaiwongola, anazungulira n'kutera okha. Ndege anakaimika pa shedi.

M'shedimo munkanunkha oilo. Aphunzitsi anakhala pa tayala lakale, akupukuta magalasi aja ndi malaya.

"Mayi, ine ndinaikapo mnzanga m'manda. Ankayendetsa bwino kuposa ine ndi inu kuphatikiza. Nayenso sankabwerera."

"Ine chibadwire sindinabwererepo, aphunzitsi. Ndikanakhala wobwerera bwenzi mwana wanga ali wosaphunzira."

"Ndikudziwa, ndinawerenga pa lole. Koma loleyo munagulitsa." Anavala magalasi n'kumuyang'ana. "Mukadzaumirizanso, ine ndi inu tasiyana, ndipo pano palibe mphunzitsi amene adzakuloleni kuuluka nokha. Mudzakhala munthu amene anatsala pang'ono."

Anatuluka m'shedimo mtima ukuwira. Panjira anawatukwana aphunzitsiwo chamumtima, ndi mimba yawo yomwe. Koma mawu akuti munthu amene anatsala pang'ono anamulowa mpaka m'mafupa, chifukwa ankadziwa mmene kudepoti angawatafunire. Lole palibe, ndege palibe, n'kumakapempha ganyu kwa anthu omwe anawauza kuti akagule yawo. Anachita mantha, ndipo mantha amenewo anamukwiyitsa kuposa aphunzitsi.

Kuyambira pamenepo akauzidwa ankabwerera, nkhope ili ndwii ngati mwana womwetsedwa mankhwala. Aphunzitsi sanamuyamikire. "Kumvera mukumvera," ankatero, "koma tsiku limene ndidzatsike, mpando uwu sudzakuuzani kanthu."

Tsikulo linayandikira. Aphunzitsi anamutsina khutu kuti mawa, nyengo ikakhala bwino, mwina auluka yekha, ndipo iye anauza mwana wake yekha basi. Mwana ndi mwana: anasowa chokwera n'kupempha bambo ake kuti amuperekeze. Choncho Sindibwerera akuyendera ndege m'mawa, kuyang'ana mafuta, oilo ndi matayala, anadzutsa mutu n'kuona kuseri kwa waya kuli mwana wake, ndipo pambali pake pali munthu uja. Anali atamera dazi, koma kapindidwe ka manja kanali komwe kaja.

Anazungulira kangapo ndi aphunzitsi, ndipo kutera konse kunali koyera. Atatero aphunzitsi anamuuza kuti aime pambali, anamasula lamba, n'kutsika mwaulesi monga amachitira anthu onenepa. Asanatseke chitseko anasuzumiranso.

"Kumbukirani kuti ine si munthu wopepuka. Popanda ine kandegeka kakwera msanga, ndipo potera kachita makani ngati inu nomwe."

Sananame. Kandege kananyamuka kasanafike n'komwe pamene kamanyamukira masiku onse, kakukwera ngati kakuthawa ngongole. Mayiyu anayang'ana mpando wopanda munthu uja n'kuseka ndi chimwemwe. Mkazi amene ankatsuka matayala a malole, lero ali yekha pamwamba pa madenga, misewu imene inamuthyola msana ikuoneka ngati ulusi. Anakhota bwino, anauza a pansanja kuti akubwera kudzatera, anachepetsa moto, anatsitsa timapiko takumbuyo tothandiza ndege kutsika pang'onopang'ono, n'kulunjika msewu.

Apo m'pamene anaona kuti ali pamwamba. Anatsitsa mphuno, liwiro linakwera. Anadutsa poyambira msewu akadali m'malere. Anafika pafupi ndi pansi, nakoka chiwongolero pang'ono monga anaphunzirira, koma kandege kopepuka kaja kanangoyandama, matayala osafuna kukhudza. Msewu unkatha. Kumapeto kwake kunali ngalande ndi waya, ndipo zinkakula m'maso mwake.

Mpando wa pambali unali chete, monga analonjezera aphunzitsi. Koma liwu linamveka ndithu m'mutu mwake, lochokera kuseri kwa waya kumene ankadutsa tsopano, kwa munthu wopinda manja uja: mubwerera nokha. Nsagwada zinalimba. Dzanja linayamba lokha kukanikiza mphuno pansi. Akangogunditsa matayala, kaya idumpha kaya itani, palibe adzanene kuti Sindibwerera anabwerera, pamaso pa munthu ameneyu makamaka.

Ndiye anaona mwana wake, manja ali kumutu. Mwana amene anakulira pa bokosi la masipanala, amene tsiku ndi tsiku amasoka anthu othyoka kuchipatala, waima apo kudikira kuti aone ngati lero abweretsa amayi ake. Ndipo mkwiyo wa mayiyu unatembenuka. Zaka zonsezi ankati palibe womulamula, chonsecho munthu wokhala pampando uja ankamuyendetsabe ndi liwu limodzi, mpaka kumutsatira m'ndege imene sanaikwerepo. Lero amugwetsere m'ngalande kuti iye asaoneke wogonja?

"Ndiye mwalemba m'madzi, bambo," anatero mokweza, yekhayekha.

Anakankha moto wonse mpaka dzanja kugunda. Injini inabangula, phazi lamanja linaponda lokha kuti ndege isakhotere kumbali, anaisiya itole liwiro, n'kuikweza pang'onopang'ono. Ngalande inadutsa pansi pake, waya nayenso. Anabweza timapiko tija mosathamanga, ndipo atauza a pansanja kuti akukweranso, anadabwa kumva mawu ake ali bwinobwino, opanda manyazi ngakhale pang'ono.

Ulendo wachiwiri anayamba kutsika msanga, liwiro analigwira ngati mwana wosamvera pamsika, maso anawaponya kutali kumapeto kwa msewu. Kandege kanayandama pang'ono, iye anakadikira osakakakamiza, ndipo matayala akumbuyo anakhudza pansi ndi kaphokoso kakang'ono. Si kutera kokajambulitsa, koma magalasi a munthu sakanagwa.

Anaimika ndege n'kuzimitsa injini. Aphunzitsi anafika akupuma mwawefuwefu, natsegula chitseko. Anamugwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti, "Kutera kwachiwiriko ndi kwa aliyense, mayi. Chimene ndimadikira ine n'choyambacho, kubwerera kuja."

Mwana anamukumbatira akulira ndi kuseka nthawi imodzi, akumukalipira kuti, "Amayi, mukufuna kundipha ndi mtima?" Kumbuyo kwake kunabwera bambo ake, akuyenda mosathamanga, kamwetulira kali pakamwa. Anali ataisunga nkhaniyi zaka zambiri ndipo sakanalola kuti imuwolere m'kamwa.

"Taona, mayi, taona. Paja ndinanena kuti tsiku lina mudzabwerera nokha."

Sindibwerera anamuyang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato, ndipo anapeza kuti mtima wake uli phee.

"Munanena zoona, bambo. Ndabwerera, ndekha, popanda wondiuza. Mawa ndikafuna ndibwereranso." Analoza kumwamba ndi chala. "Koma mwaona kumene ndabwerera? Pakhomo panu paja mudikirabe, sindinagogode."

Bamboyo anatsegula pakamwa, koma mayiyu anali atatembenuka kale, akufunsa aphunzitsi kuti mawa ayamba nthawi yanji.