Mulu Umene Ndinausiya Pamchenga

Ndinali nditakhala ku Shikabeta miyezi isanu ndi itatu pamene mkazi wanga anabwera kudzaona malo. Boma linanditumiza kumeneko ngati mlangizi wa zaulimi, iye n'kutsala ku Lusaka ndi ana athu awiri. Tinapangana kuti abwere yekha masiku atatu, aone nyumba, sukulu ndi kiliniki, kenaka anene ngati asamuka kapena ayi. Ine ndinali nditatopa. Ndinatopa ndi kudziphikira, kudzichapira, ndi kuyankhana ndi wailesi madzulo ngati munthu wozungulira mutu. Banja langa ndinkalifuna moti ndinayamba kukometsa nkhani pafoni. Ndinkamuuza kuti kuno nsomba zimachita kukupeza pakhomo.

Anatsika basi pa Rufunsa Lachisanu, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinamukweza panjinga yamoto ya kuntchito, ndipo tinakafika fumbi lili mpaka m'makutu. Anayendera zipinda ziwiri zija, nasuzumira m'mapoto anga. Atamwa madzi anangofunsa kuti, "Nanga nsomba zija zili kuti?"

Ndiye chifukwa chake madzulo omwewo ndinapita kwa aneba. Anali bambo wachikulire wa mtundu wa Chisoli, wosalankhulalankhula, mwini banja la anthu asanu ndi anayi. Anali atandiitanapo katatu kuti tipite kumtsinje, ine katatu konse ndinayankha kuti ntchito yachuluka. Tsiku limeneli ndinachita kudzipempha ndekha. Anandiyang'ana nthawi ndithu, kenaka anati, "Mailo kuseniseni, ba ofisa. Tizayenda na balamu banga."

Alamu awowo anali okonza njinga pamsika, munthu woseka asanamalize nkhani. Atandiona m'mawa mwake nditavala majombo a kuntchito ndi chipewa cha boma, anagwira pamimba.

"Ba ofisa, muyenda kulangiza nsomba?"

Ndinaseka nawo, koma mumtima zinandilowa. Iwo anali atavala mapatapata, aliyense atanyamula ndodo za bango ndi kachitini ka nyongolotsi. Tinayenda maola awiri, kutsika m'miyala yokhayokha. Tisanafike n'komwe, majombo aja anali atanditupitsa matuza kuzidendene zonse ziwiri, ndipo thukuta linkachita kulira m'kati mwake ndikaponda.

Mtsinje unali utaphwa, madzi atatsala m'maiwe obiriwira pakati pa mchenga. Aneba anandipatsa ndodo imodzi, chingwe chake chili ndi kachidutswa ka patapata koyandama pamadzi. Anandionetsa kalowetsedwe ka nyongolotsi kumbedza, kuti nsonga ibisike. Anandiuza kuti kachidutswako kakangogwedezeka ndisakoke, ndidikire kamire. Ndinagwedeza mutu msangamsanga. Ine ntchito yanga ndi kuimirira patsogolo pa anthu ndi kuwauza kabzalidwe ka chimanga, ndipo kuuzidwa zochita ndi munthu yemwe sabata yathayo ndinamudzudzula pa nkhani ya mizere kunkandiwawa.

Kuponya koyamba, mbedza inakakola nthambi ya mkuyu kumbuyo kwanga. Kuponya kwachiwiri inalowa m'madzi, koma inakodwa kumwala mpaka chingwe chinaduka. Aneba anatulutsa mbedza ina m'kabokosi ka machesi, namanga mwakachetechete. Ndinaona kuti m'kabokosimo munatsala ziwiri zokha. Dzuwa lisanafike paliwombo ndinali nditatayanso ina.

Iwo ankangovuula. Alamu aja akakoka mlamba ankaulankhula ngati mnzawo wakale, kuufunsa kuti kwawo ali bwanji. Aneba ankakoka osasintha nkhope. Ine kachidutswa kanga kakagwedezeka ndinkakoka ndi mphamvu zonse, n'kutulutsa mbedza yopanda nyambo. Kamodzi ndinamva kulemera, ndipo ndinakuwa kuti abwere aone. Inali nkhanu, ndipo nayonso inasiya nyambo n'kubwerera m'madzi isanafike pamtunda.

Masana kunatentha moti mchenga sunkapondeka. Akashembe ankandiluma kudutsa malaya. Madzi a m'botolo langa anatha, ndipo ndinamwa a m'kadzenje kamene aneba anafukula pamchenga, ine yemwe ndimauza anthu kuti aziwiritsa madzi. Poona kuti ndagwa mphwayi, anandipatsa ntchito yotunga nsomba kuluzi. Apo nkholokolo inandibaya ndi munga wake pachikhatho, dzanja lonse n'kuchita dzanzi mpaka m'chigongono. Ndinakhala pansi pa mkuyu uja ndikuganiza za mkazi wanga, ndi za nkhope imene adzaonetse ndikafika chimanjamanja. Kunena zoona, ndinkafuna kulira.

Dzuwa litapendeka anapinda zingwe. Aneba anathyola masamba nayala pamchenga, nakhuthulapo nsomba zonse, zawo ndi za alamu awo pamodzi. Kenaka anayamba kuziika m'milu, mlamba uku, mlamba uku, mlamba uku, zing'onozing'ono n'kumawaza pamwamba kuti milu ifanane. Ndinawerenga miluyo. Inali itatu. Alamu aja anatembenuka kuyang'ana kuphiri, aneba n'kuloza mulu umodzi ndi kamtengo.

"Uyu ni wa ndani?"

"Wa ba ofisa."

Mulu umenewo ndi umene munali mlamba waukulu kuposa yonse. Manyazi ndi mkwiyo zinandigwira pamodzi. Ndinaona ngati akundichitira chifundo, ngati mwana amene wampatsa fupa kuti aleke kulira. Kwathu ndinaleredwa kuti chimene sunachikhetsere thukuta usachigwire, ndipo m'tauni ndinaphunzira kuti munthu akakupatsa chinthu lero, mawa abwera ndi pempho. Ndinaganizanso za mbeu ndi feteleza zimene zimadzera m'manja mwanga. Ndiye ndinaimirira n'kunena mwaulemu wonse wa kuofesi kuti zikomo, koma ine sindinagwire kanthu, agawane awiri.

Alamu aja analeka kuseka. Aneba anati, "Ba ofisa, kuno amene anyowesa mendo ali na mulu. Olo agwile, olo asagwile. Mailo ni ine nizabwela chabe, chimanjamanja."

Ndinakananso. Ndinati sindingadye thukuta la anthu ena.

"Tengani," anatero alamu aja motsitsa mawu. "Musatichite so."

Ndinakana kachitatu, ndipo ndinadzimva ngati munthu wachilungamo kwambiri. Aneba sanandikakamizenso. Anatunga mulu wawo, alamu awo natunga wawo, n'kunyamula ndodo. Ine ndinkadikira kuti atole wachitatuwo. Sanautole. Nditafunsa, aneba anayankha akuyenda kuti mulu ukatchulidwa dzina watha, mwini wake yekha ndiye angaunyamule, ndipo wina akautenga ndiye kuti waba. Ndikanatha kuwerama pomwepo n'kuutola. Khosi linauma. Titakwera pang'ono ndinacheuka, ndipo ndinaona akhwangwala awiri atatera kale pamasamba paja.

Ulendo wobwerera sindidzauiwala. Phiri lomwe tinatsika m'mawa tinalikwera opanda wolankhula. Matuza anaphulika, ndipo ndinavula majombo n'kuwakoleka pakhosi. Iwo anayamba ndi kundidikira pamithunzi, kenaka anangopitirira. Ndinafika kunyumba ndekha dzuwa litafiira, ndikutsimphina, m'mutu ndikukonza bodza loti madzi anali otentha ndipo nsomba sizinkadya.

Bodzalo silinagwire ntchito, chifukwa ndisanalowe pakhomo ndinamva fungo la nsomba. Mkazi wanga anali pambaula, atamanga chitenje chomwe sindinkachidziwa. Tsiku lonse anali atakhala kwa aneba, kusinja nsinjiro ndi amayi a kumeneko, kupita nawo kumjigo, kuona sukulu. Anandipatsa madzi osamba osandifunsa za ulendo. Nditasamba anandiikira chakudya pakatebulo kanga ka mwendo umodzi waufupi: milamba iwiri yophika ndi tomato ndi anyezi, mfutso wa chibwabwa wotendera, ndi nsima ya ufa wa mgaiwa umene anapatsidwa komweko.

Miyezi isanu ndi itatu ndinali ndisanadye chakudya chotere. Msuzi unali wogwira bwino, nsomba yosaphwanyika. Ndinadya nthongo zingapo ngati wothawa nkhondo, kenaka ndinafunsa kumene nsombazo zachokera.

"Abweretsa amayi a paneba," anatero. "Achotsa pa mulu wa amuna awo. Ati izi n'za mlendo, poti a ofisa sadya za anthu a kuno."

Ndinayamba kufotokoza za thukuta, za feteleza, za mmene anthu amakhalira ukawazolowera. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Mkazi wanga sakweza mawu, ndipo zimenezo ndiye zimapweteka.

"Imwe, kuno munthu akakana mulu wake, amati kaya akunyansidwa nawo, kaya akuwaganizira kuti amuikira mankhwala. Andifunsa amayi aja kuti pa ziwirizi, amuna anga ndi chiti. Ine ndasowa choyankha."

Ndinati sindinkadziwa.

"Miyezi eyiti simudziwa? Andiuza kuti anakutumiziranipo maungu, munabweza. Pamaliro a kuseri uku munangoimika njinga, kupereka moni, n'kupita. Malaiti kulibe, ndaona, ndipo nditha kupirira. Madzi ndi kutali, nditha kutunga. Koma inu mumachoka masiku awiri kupita kumaphunziro ku Rufunsa. Mwana akatentha thupi muli kumeneko, ine ndikagogoda pakhomo pa ndani? Pa anthu omwe mwawasiyira nsomba zawo pamchenga?"

Ndinkangoyang'ana chikhatho changa chotupa chija.

"Chaka chino ana amalizira ku Lusaka," anatero. "Tchuthi chikubwerachi ndidzabweranso ndidzaone. Ndikadzapeza mukadali mlendo, musadzandifunsenso."

Ndinamva kutopa kumene sikuchokera m'miyendo. Ndinali nditayenda maola anayi, kupsa ndi dzuwa, kulumidwa, kubayidwa, zonsezo kuti mkazi ameneyu anene kuti inde, ndipo ayi wakeyo ndinali nditamuumba ndekha ndi pakamwa panga.

Iye anatsuka mbale imene munabwera nsomba, naikamo mpunga umene anachokera nawo ku Lusaka ndi kapaketi ka shuga, navundikira ndi kansalu. Anandipatsa m'manja. Ndinati mapazi akundiwawa, ndipita mawa. Anangotsegula chitseko n'kuima pambali.

Kunja kunali kusanade kwenikweni. Ndinayenda wopanda nsapato, pang'onopang'ono, mpaka pabwalo la aneba. Anali akudya. Amayi ndi ana anali pamphasa chakukhitchini, aneba ndi alamu awo pa timipando pansi pa mtengo wa mango. M'mbale ya amunawo munali mitu iwiri ya milamba ndi msuzi wambiri. Ndinadziwa kumene minofu yake inapita.

"Odi," ndinatero.

Amayi aja anabwera, nalandira mbale ndi manja awiri, nabwerera pamphasa. Ndinatsala chiimire, mawu amene ndinakonza m'njira atabalalika onse. Alamu aja ankayang'ana pansi. Kenaka aneba anakoka kampando ndi phazi, nakankhira beseni la madzi kumene ndinaima, maso ali pambale.

"Sambani, ba ofisa. Olo na iyi muzakana?"

Ndinali nditakhuta mpaka pakhosi. Ndinakhala pansi n'kusamba m'manja.