Maliro a Mkuyu wa ku Chelstone

Ndinkagwira ntchito yamisewu, ya piki ndi fosholo, zaka zija dziko lili ndi chipani chimodzi. Tikaweruka ndinkapita kusukulu ya akuluakulu, imvi zitayamba kale. Gulu lathu ndi limene linakwirira dambo lina kufupi ndi Kabwata, ndipo bango ndinayatsa ndine, mbalame zili pamazira. Za tsiku limenelo sindifuna kulemba zambiri.

Atatisamutsira ku Chelstone tinapeza mkuyu waukulu pamene msewu watsopano unkayenera kudutsa. Patsinde pake panali kasupe wosaphwa, ndipo mipopi ikauma amayi a m'komboni ankatunga pomwepo. Kwathu kum'mawa, ku Chipata, mkuyu wa pakasupe sadula. Ukagwa, madzi amasamuka. Ndinamuuza kapitawo zimenezi. Iye anati nkhaniyo si yake, ofuna msewu wowongoka ndi a tcheyamani a chipani m'deralo, ndipo abwera Lachisanu kudzaonerera kudula. Anandichenjeza kuti wotsutsana nawo ntchito imamuthera tsiku lomwelo.

Ndinangofunsa kuti a tcheyamaniwo kwawo n'kuti. Anati ndi Mbemba wa ku Kasama.

Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya, chibale cha nthabwala, ndipo timaitanana kuti mbuya. Timanyozana mmene tingathere, ndipo amene wakwiya ndiye amachita manyazi. Pamaliro a Mbemba ife timathira ofedwa ufa kumutu, iwo n'kungopirira.

Lachisanu ndinatapa ufa m'kathumba, mkazi wanga akudandaula, pakuti ufa masiku amenewo unali woimira pamzere. A tcheyamani anafika atavala suti yakuda, amayi oimba atawazungulira. Ali pafupi kuyamba kulankhula, ndinapita kutsogolo n'kuwakhuthulira ufa wonse kumutu. Nyimbo inaduka. Anyamata a chipani anandigwira mikono.

"Pepani malilo, ba mbuya," ndinatero. "Lelo tiika nyumba ya ndiwo zanu. Anyani akasowa mkuyu, imwe muzadya chani?"

Anapukuta m'maso, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kwathu. Ndinati ku Chipata.

"Musiyeni," anawauza anyamata aja. "Ni wakudya mbeba uyu, nzelu alibe."

Anthu anaseka, iwonso anaseka pang'ono, poganiza kuti nkhani yatha. Koma mbuya akayamba kulankhula sadulidwa pakamwa, ndipo ine ndinadziwa kuti mwayi wotere subweranso. Ndinatembenukira amayi oimba aja n'kuwafunsa kumene anatunga madzi chilimwe chathachi. Onse anazolika. Patapita kanthawi, mayi wina wachikulire analoza kasupeyo ndi milomo.

Ndinatola nkhwangwa yanga n'kuipereka kwa a tcheyamani ndi manja awiri. Ndinati mwini maliro ayambe yekha kutema, ine sinditema, ngakhale andichotse ntchito. Sanailandire. Anaimirira choncho, ufa uli mbuu pamapewa, anthu onse akuyang'ana. Kenaka anati anthu a kum'mawa amamwa ndi achule chikho chimodzi, ndiye awasiyire chithaphwi chawocho. Anakwera galimoto osamaliza msonkhano.

Sabata yotsatira zikhomo za msewu zinazulidwa n'kukhomedwa chapatali, msewuwo n'kukhota kuulambalala mkuyu. Ine anandichotsa m'gulu lamisewu n'kunditumiza kukatsuka zimbudzi za pamsika m'tauni. Kapitawo ananong'oneza kuti ndikapita kukapepesa, mwina angandibweze. Ndinamuuza kuti andionetse kumene amasunga ndowa ndi matsache.