Buku lachikasu lachiwiri

Mng'ono wanga anachira mwana wake woyamba ndi mpeni, kuchipatala chachikulu cha m'tauni. Mwanayo anali atapingasa, panalibe kuchitira mwina. Koma ku Chinamwali nkhani siigona. Pampopi ankati, "Uja sadziwa ululu wa mwana, anangomutulutsira ngati chinangwa m'thumba." Apongozi ake sankanena mokweza. Iwo ankangotamanda mkazi wa mwana wawo wina, amene anabereka anayi osaona mpeni.

Patapita zaka zitatu anaimanso. Buku lake lachikasu la kusikelo, momwe munalembedwa za opaleshoni ija, analibisa pansi pa sutikesi n'kukagula latsopano. Ankafuna kuti ulendo uno abereke yekha, anthu atseke pakamwa. Kusikelo anazengereza mpaka miyezi isanu ndi iwiri, uku tikukwerabe phiri limodzi kukapikula mastroberi. Kenako anasankha kachipatala kakang'ono komwe sankamudziwa.

"Achemwali, mukangondiperekeza basi. Musakayankhuletu," anatero panjira.

Ndinalonjeza, ine amene mayi athu ankati pakamwa panga palibe chitseko.

Atagona pabedi, chitenje anachimanga zolimba m'munsi mwa mimba, ndendende pachipsera. Anamwino anamufunsa kuti woyamba anachira bwanji. Iye anati, "Bwinobwino." Anamwinowo anayeza mimba ndi tepi, n'kuyezanso, nkhope itasintha.

"Miyezi mwawerenga bwino, mayi? Mimbayi yachepa."

Ndinamuyang'ana mng'ono wanga, iye anayang'ana kudenga. Ndinapsa mtima, osati ndi iye ayi, koma ndi azimayi a pampopi aja amene panthawiyo n'kuti akutunga madzi awo mwamtendere.

"Anesi, mumasuleni chitenjecho," ndinatero.

Ataona chipsera chija, tsiku lomwelo anatitumiza kuchipatala chachikulu. Adokotala anamuyendetsa kamakina pamimba ndipo tinamva phokoso la fuu, fuu, ngati munthu akupeta. Anati amenewo ndi magazi opita kuchiberekero. Anafotokoza kuti kwa azimayi ena amene anang'ambidwapo, magaziwo sayenda momasuka ngati kale, ndipo mwana amadya kudzera m'magazi omwewo. Ambiri sizimawavuta, koma wa mng'ono wangayu ankalandira zochepa. Anamuletsa kukwera phiri, namuuza kuti azibwera sabata iliyonse, osaphonya.

Kuyambira pamenepo anasiya kundiyankhula. Ndinkamuperekezabe, iye pakabaza wakutsogolo, ine pa wam'mbuyo. Ndikamupititsira ndiwo ankalandira mwamuna wake. Zinandiwawa kwambiri, sindinama. Masiku ena ndinkadzifunsa ngati sindinamuchotsere ulemu pachabe, poti mwina akanabereka yekha osavuta. Koma ndikakumbukira tepi ija, ndinkapukuta maso n'kunyamula dengu langa.

Sabata yachisanu phokoso lija linamveka lofooka, ndipo adokotala anati sadikiranso. Anamulowetsa ku fiyeta masana omwewo kukamuchita opaleshoni. Ine ndinakhala pakhonde, phiri lili pamaso panga, osaliona n'komwe.

Kanabadwa kamtsikana kopepuka ngati mtolo wa chisoso, koma kolira mwamakani. Mawa lake ndinalowa m'wodi ndi fulasiki ya phala. Mng'ono wanga anali atakagoneka pachifuwa, m'kati mwa chitenje chomwe chija. Sanandipatse moni. Anangosendeza mwendo kuti ndikhale pabedi.

Posakhalitsa anafika apongozi ake ndi anzawo awiri a kumpingo. Anasuzumira kakhandako, kenako anatsitsa mawu.

"Ndiye akuti akung'ambaninso?"

Ndinali nditatsegula kale pakamwa, mawu ali okonzeka, ndipo sanali abwino. Mng'ono wanga anandigwira dzanja.

"Eya, amayi, kawiri tsopano," anayankha mokweza, wodi yonse ikumva. "Akanapanda achemwali angawa, bwenzi lero mukubwera ndi nyimbo zina."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Phalalo mwathira shuga?"