Petulo wa Mumtsuko

Malemu amuna anga anandichenjeza kuti, "Ukaona mzele, uyambe wafunsa chimene akugulitsa." Ine kufunsa? Kuti andinamize?

Zaka zija za chipani chimodzi, sopo ndi shuga zikusowa, kunamveka kuti oyendetsa magalimoto a mafuta anyanyala ntchito. Tauni yonse ya Nyimba inathamangila kokagula petulo. Nanenso ndinaima pamzele ndi chigubu chobweleka, n'kugula. Galimoto ndinalibe, ngakhale wilibala, koma ndinabwelela kunyumba ndikuvina.

Chigubu chinali cha eni, ndiye petuloyo ndinamuthila mumtsuko, n'kuvundikila ndi lichelo kuseli kwa nkhokwe. M'mawa uliwonse ndikaviika kamtengo, wachepa!

Ndinaitana mwana wanga. "Misozi, uwauze amuna akowo aleke kuba mafuta anga."

"Amama, a Tembo njinga yawo ndi yopalasa!"

"Nanga bwanji masiku ano ikuthamanga?"

Mkamwini atamva, anayamba kumanga katundu kuti abwelele kwawo ku Sandwe, Misozi akulila. Dalaivala wina woyandikana nafe anasuzumila mumtsuko wouma uja, n'kuseka mpaka kukhala pansi. "Amai, petulo amauluka yekha!"

Kupepesa kunandikanika. Ndinangowaphela a Tembo tambala, n'kunama kuti tambalayo ankandithela mbewu. Anadya, anamasula katundu. Sitalakayo sinachitike n'komwe.

Mpaka lelo ndikamadutsa a Tembo amakweza mawu: "Misozi, vundikila madziwo, angauluke!"

Mukamapita ku Petauke, mupatukile kwathu mudzandione, mtsukowo ulipo. Koma manja anu ndiziwaona.